Pasi ya Interrail kapena matikiti apaderapadera? Ulendo wa banja kuchokera ku Leeds

Nachisale: Moni abale pa gulu pano. Ndithandizeni maganizo chifukwa mutu wandizungulira. Tikufuna holide ya Ogasiti tipite ndi ana ku Europe pa sitima, ine, bambo awo ndi ana awiri, wamkulu ali ndi zaka 9 wamng'ono 6. Pulani ndi yochoka kuno ku Leeds, Amsterdam masiku awiri, kenako Berlin komwe kuli msuweni wanga tikagoneko masiku anayi, Prague, Vienna, ndiye n'kubwerera. Ndege ayi, bambo a ana samaifuna ndipo anawo sitima amaikonda zedi. Ndiye funso ndi lakuti tigule pasi ija ya Interrail, yokwerera sitima m'mayiko ambiri a ku Europe pa masiku owerengeka, kapena tizigula tikiti iliyonse payokha? Ndakhala ndikuwerengetsa pa bureki kuntchito sabata yonse koma ulendo uliwonse ikutuluka nambala ina.

Ankolo a Luton: Mwanangu gulani matikiti payekhapayekha basi. Ine ndayendapo kawiri konse, pasi sindinaigwirepo. Chinsinsi n'kugula msanga, miyezi iwiri itatu ulendo usanafike. Ku Germany kuli matikiti aja amati Sparpreis ndi Super Sparpreis, ku Austria amati Sparschiene, ukawapeza molawirira mtengo wake umachita kudabwa. Pasi ndi ya anthu amene sakudziwa kuti mawa agona kuti. Inu mizinda mwaitchula kale, masiku mukuwadziwa, ndiye ufulu wosintha maganizo mukuulipiriranji?

Wa sukulu ku Glasgow: Ankolo pepani ndikutsutsani pang'ono mwaulemu. Asisi amenewa ali ndi ana awiri osakwana zaka 12, ndipo pa Interrail ana a zaka 4 mpaka 11 pasi yawo ndi yaulere akamayenda ndi munthu wamkulu, wamkulu mmodzi atha kutenga ana awiri. Ndiye apa akulipira mapasi awiri okha koma akuyenda anthu anayi. Izi zokha zikusintha samu yonse

Ankolo a Luton: Ku Germany nakonso ana mpaka zaka 14 amakwera ulere ndi makolo pa tikiti wamba, bola uwalembetse pogula. Ndiye ulerewo si wa pasi yokha ayi.

Wa sukulu ku Glasgow: Zoona ankolo, koma ndi ku Germany. Eurostar, sitima yochoka London kuwolokera kutsidya kwa nyanja, mwana wa zaka 4 kupita m'mwamba amalipira, sitima ya Leeds kupita London nayonso amalipira

Nachisale: Dikirani kaye, mukuti pasiyo imagwira ntchito kuno ku UK? Ine ndimayesa imayambira kutsidya kwa nyanja

Wa sukulu ku Glasgow: Imagwira sis koma masiku awiri okha, tsiku lotuluka m'dziko lomwe mumakhala ndi tsiku lobwerera. Ndiye tsiku loyamba mutha kukwera Leeds mpaka siteshoni ya King's Cross ku London, maola awiri ndi pang'ono, n'kungodumpha msewu kulowa St Pancras, n'kukwera Eurostar mpaka Amsterdam, zonsezi n'tsiku limodzi pa pasi. Kwa ife okhala kumpoto kuno apa ndi pomwe pasi imabweza ndalama, mukudziwa mmene sitima zakuno zimadulira makamaka ukagula mochedwa. Ankolo ali ku Luton, kwawoko kupita St Pancras ndi pafupi, n'chifukwa chake sakuziona

Ankolo a Luton: Apo ndavomera. Ine theka la ola ndafika.

Anaphiri: Musanapite patali ndi za matikiti, Nachisale mapasipoti anu ndi a kuti? Chifukwa ngati ndi akwathu aja, nkhani yoyamba ndi viza ya Schengen, yolowera mayiko onse mwatchulawa, osati sitima. Pepala lokhalira ku UK silikulowetsani ku Netherlands ayi.

Nachisale: Tonse anayi ndi a Malawi amayi. Viza ndikudziwa kuti ikufunika koma sindinayambe

Anaphiri: Ndiye yambani lero lomwe mwana wanga, nyengo ya holide malo a apointimenti amatha msanga. Mumakapempha ku dziko lomwe mukakhaleko masiku ambiri, inu ndi Germany chifukwa cha masiku anayi a ku Berlin aja, ngakhale mukulowera ku Amsterdam. Wamkulu ndi ma yuro 90, ana a zaka 6 mpaka 11 ndi 45 aliyense, kuonjezera ya ofesi yolandira mafomu, komanso inshuwalansi ya ulendo yofika ma yuro 30,000. Chomwe ndikunenera izi pa nkhani ya pasi n'chakuti popempha viza amafuna aone ndondomeko ya ulendo, mulowa liti, mugona kuti tsiku lililonse, mutuluka liti. Ndiye ife a pasipoti yakwathu zoti tingodzuka m'mawa n'kusankha kolowera ngati mmene amachitira ana a azungu zimavuta, malo ogona umakhala unabukitsa kale. Ubwino waukulu umene amaitamira pasi, kwa ife umachepa.

Ankolo a Luton: Ndi zomwe ndimanena zija.

Anaphiri: Koma musathamange achimwene, mbali inayo iliponso. Matikiti otchipa aja ambiri sabweza ndalama. Mukagula onse mu Meyi kenako viza n'kuchedwa kapena kukanidwa, ndalama zonse zapita. Pasi ya pafoni umayiyambitsa wekha tsiku lomwe ukufuna mkati mwa miyezi 11 chigulireni, ndiye ulendo ukasuntha pasi imakudikira.

Nachisale: Eee apa ndiye mwandigwira mtima. Shifiti yanga nayonso amatha kusintha, rota ya Ogasiti sinatuluke n'komwe

Wa ku Berlin: Ndalowa mochedwa, ndimawerenga zonse. Ndikuuzeni monga munthu amene ndimakwera sitima zimenezi sabata ndi sabata. Pasi siidula kapena kutchipa payokha, zimatengera mayiko amene ukudutsa. Kuno ku Germany, Austria, Switzerland, Netherlands, Czech, sitima zambiri umangokwera n'kuonetsa foni basi, kubukitsa mpando n'kufuna kwako. Koma France, Italy ndi Spain sitima zothamanga zonse zimafuna rezavesheni yolipira pamwamba pa pasi, TGV ya mkati mwa France ndi ma yuro 10 kapena 20, Frecciarossa ya ku Italy cha m'ma 13, ndipo zodutsa malire monga Paris kupita Barcelona zimaposa pamenepo. Komanso sitima za Ouigo ndi Italo pasi sazilandira n'komwe. Ndiye munthu wopita Paris, Nice, Milan, Rome ndimamuuza kuti gula matikiti, pasi ikudyera kawiri. Koma njira yanuyi Nachisale ili mbali yomwe pasi imakoma.

Nachisale: Ndiye rezavesheniyo ana amalipiranso ngakhale pasi yawo ili yaulere?

Wa ku Berlin: Amalipira, mpando ndi mpando. Pa Eurostar aliyense wa pasi amalipira ma yuro opitirira 30 ulendo umodzi, ndiye anthu anayi kupita ndi kubwera muwerengere ndalama ndithu, musaiwale kuiika mu bajeti. Ndipo chofunika kwambiri, mipando ya anthu a pasi mu Eurostar ndi yowerengeka pa sitima iliyonse. Sitima itha kukhala ndi malo koma a pasi atatha. Inu mukufuna mipando inayi pamodzi mu Ogasiti, ndiye yang'anani kaye ngati ilipo pa tsiku lanu musanagule pasiyo

Wa sukulu ku Glasgow: Izi ndi zoona kwambiri. Lachisanu ndi Lamlungu ndi omwe amatha msanga, mkati mwa sabata zimapezeka

Ankolo a Luton: Mwaona tsono? Pasi mwagula, koma mukulipiranso Eurostar, mukulipiranso sitima yausiku. Ikutsala ndi chiyani?

Wa ku Berlin: Ankolo Eurostar ya Ogasiti tikiti wamba imatha kupitirira mapaundi 100 munthu mmodzi njira imodzi ukachedwa kugula. Ndiye kulipira 30 ndi kenakake si chimodzimodzi. Tiyeni tingowerenga masiku bwinobwino m'malo motsutsana. Nachisale mubwerera bwanji kuchokera ku Vienna?

Nachisale: Ndimaganiza sitima yausiku ija ya Nightjet kuchoka Vienna kupita Amsterdam, kenako Eurostar. Ana akangomva zogona mu sitima sakugonanso ndi chimwemwe

Wa ku Berlin: Chabwino. Tsiku 1 Leeds London Amsterdam. Tsiku 2 Amsterdam Berlin, maola ngati 6. Tsiku 3 Berlin Prague, maola anayi ndi kanthu. Tsiku 4 Prague Vienna, maola anayi. Tsiku 5 Nightjet, imawerengedwa tsiku lonyamuka lokha ngakhale mukufika mawa lake, bola musasinthe sitima pakati pa usiku patadutsa. Koma mukatsika ku Amsterdam n'kukwera Eurostar limenelo ndi tsiku lina, tsiku 6, mpaka kufika ku Leeds. Ndiye masiku oyenda ndi 6. Vuto n'lakuti pasi ya masiku 6 kulibe, ilipo ya 4, ya 5, ya 7 mkati mwa mwezi umodzi, kenako ya 10 ndi 15 mkati mwa miyezi iwiri.

Nachisale: Apa ndi pomwe ndimasokonekera ine. Ndimangoti ndiye ya 7 basi

Wa ku Berlin: Pali njira ziwiri. Mugule ya 5 n'kugula padera tikiti ya ulendo wotchipa kuposa onse, umene ndi Prague kupita Vienna, kumeneko makampani akupikisana, kuli Railjet kulinso RegioJet, ukagula msanga si ndalama yoti n'kuwonongera tsiku la pasi. Kapena mugule ya 7 tsiku lotsalalo mupite Budapest kuchokera Vienna, ndi maola osakwana atatu, kapena Salzburg. Ulendo womaliza kuyang'ana ine ya 5 ya wamkulu inali cha m'ma yuro 320, ya 7 cha m'ma 380, ndiye kusiyana kwake si kwakukulu kwenikweni. Mitengo muyang'ane nokha pa tsamba lawo, ndipo nthawi zina amatsitsa.

Wa sukulu ku Glasgow: Ine ndingatenge ya 7. Tsiku lapadera limapulumutsa zinthu zikasokonekera. Chaka chatha ndinali ndi anzanga awiri, iwo anagula matikiti otchipa kumakampani awiri osiyana, ine pasi. Sitima yoyamba inaima patchire pafupifupi ola lathunthu, tinafika pa siteshoni yosinthira yachiwiri itapita kalekale. Ine ndinangotsegula apu n'kusankha yotsatira n'kukwera. Anzangawo anakhala pamzere pa kauntala mvula ikuwomba papulatifomu, n'kuuzidwa kuti matikiti awo ndi mapangano awiri osiyana ndiye agule ina, pa mtengo wa tsiku lomwelo. Mmodzi analira ndithu chifukwa inali ndalama ya chakudya cha masiku awiri. Ndiye taganizani muli ndi ana awiri ndi masutikesi

Ankolo a Luton: Cholakwika pamenepo si tikiti, ndi kagulidwe. Ulendo wosintha sitima umagula tikiti imodzi yodutsa mpaka komwe ukupita, ukatero akachedwa iwo amakukweza yotsatira popanda kulipira. Ndipo lamulo la ku EU limati ukachedwa ola limodzi akubwezere 25 peresenti, maola awiri theka la mtengo. Komanso maulendo a Nachisale onse ndi a sitima imodzi yosasintha, Amsterdam Berlin, Berlin Prague, Prague Vienna. Zosemphana sitimazo zichokera kuti?

Wa ku Berlin: Apa ankolo akunena zoona. Malo oopsa ndi awiri okha, Leeds kukakumana ndi Eurostar, ndi Nightjet kukakumana ndi Eurostar pobwerera. Eurostar si yongothamangira, pali mzere wa mapasipoti ndi kusecha katundu musanakwere, ndipo inu a viza amayang'ana bwinobwino. Sitima yausiku imayenda mtunda wautali, kuchedwa ola si nkhani yachilendo. Ine ndingati bukitsani Eurostar ya masana kwambiri, mukafike ku Amsterdam m'mawa mudye mofatsa, kusiyana n'kuthamanga ndi ana.

Mai a mapasa: Ndifunseko nane poti nkhani ndi yomweyi. Amayi anga akubwera kuchokera ku Zomba kudzationa, ndimafuna ndiwatengere ku Switzerland akaone mapiri a chipale aja. Nawonso agule Interrail?

Wa sukulu ku Glasgow: Ayi mai, Interrail ndi ya anthu okhala ku Europe, amayang'ana komwe umakhala osati mtundu wa pasipoti, n'chifukwa ife a pasipoti ya Malawi okhala kuno timagula. Agogo akuchokera kumudzi yawo ndi Eurail. Ndi pasi yofanana, mayiko omwewo 33, dzina lokha. Ngati akwana zaka 60 pali mtengo wotsikirako wa achikulire, monga mmene ife osapitirira 27 tilili ndi wathu

Anaphiri: Ndipo viza yawo ya Schengen akapemphe asananyamuke kumudzi. Munthu wobwera ndi viza ya mlendo sangapemphere kuno, amafuna wokhala kuno. Switzerland ili mu Schengen ngakhale siili mu EU, ndalama yawonso ndi franc osati yuro.

Wa ku Berlin: Switzerland ndiye kumene pasi imaoneka phindu lake chifukwa matikiti wamba kumeneko amawawa. Mai a mapasa muwatengere njira ya Bernina, kuchoka Chur kapena St Moritz kutsikira ku Tirano ku Italy, ili m'gulu la malo a UNESCO kuyambira 2008. Ine ndinadutsako mu Juni, sitima yofiira ikukwera pang'onopang'ono mpaka nyanja yoyera ngati mkaka pamwamba pa phiri, madzi oundana ali pompo, kenako pasanathe maola awiri mwatsikira kotentha anthu akudya ayisikilimu panja. Musavutike ndi Bernina Express ya magalasi akuluakulu yomwe imafuna rezavesheni, sitima wamba zimadutsa njanji yomweyo ndipo pasi imakwana. Koma dziwani kuti sitima zina zokwera pansonga monga ya Jungfraujoch pasi siilipira yonse, amangokuchotserako pang'ono.

Mai a mapasa: Zikomo kwambiri, amayi sitima yomwe anakwerapo ndi ya Limbe kupita Balaka kalekale, ndikufuna akaone izi ndi maso awo

Adimini: Mai a mapasa nkhani ya agogo tiitsegulire pake mawa kuti isasokonezeke, pano timalize ya Nachisale.

Nachisale: Ndabwera, ndinali pa shifiti ya usiku. Ndachita zomwe munanena. Ndinatenga pepala n'kulemba maulendo onse 6, mbali imodzi mtengo wa tikiti wamba ya anthu anayi pa masiku athu enieni, mbali inayo mapasi awiri kuphatikiza rezavesheni zonse. Maulendo apakatiwo, Amsterdam Berlin, Berlin Prague, Prague Vienna, ankolo akunena zoona, matikiti wamba akutchipa kwambiri moti pasi payokha sikanapambana. Koma nditangoika Leeds London kupita ndi kubwera, Eurostar kawiri ndi Nightjet, mbali ya matikiti inakwera n'kupitirira. Kusiyana si kwakukulu ngati mmene ndimaganizira koma kulipo, ndipo ndikaganiza za viza ndi rota, mtima ukukhazikika ndi pasi

Ankolo a Luton: Ngati mwawerengetsa pa masiku anu enieni ndiye palibe chotsutsa mwanangu. Chomwe ndimakana ine ndi kugula chifukwa aliyense akugula. Koma mwayesa kuona pasi ya masiku 4? Muike pa pasi masiku odula okha, Leeds Amsterdam, Nightjet, tsiku lobwerera, ndi Amsterdam Berlin. Awiri otsalawo mugule wamba, ana akwera ulere kapena motchipa.

Wa ku Berlin: Imeneyo ndi nzeru ankolo, yesani Nachisale. Kusiyana kwa ya 4 ndi ya 5 kumakhala ma yuro makumi atatu ndi kenakake munthu mmodzi, ndiye funso ndi lakuti Berlin Prague mungaipeze pansi pa pamenepo? Mukagula msanga zimatheka, mukachedwa ayi. Mulimonsemo pa sitima ya Berlin Prague bukitsani mipando ngakhale patakhala posakakamiza, Ogasiti imadzaza mpaka anthu kukhala pansi m'makhonde, ndipo nyengo yotentha sitima zina zodutsa malire amachita kulamula rezavesheni. Mukachoka Dresden khalani kumanzere, njanji imatsata mtsinje wa Elbe pakati pa matanthwe ataliatali, ana akakhala pa windo simumvanso zoti tifika liti.

Nachisale: Nanga Deutschlandticket ija msuweni wanga amanena, yoyenda Germany yense mwezi wathunthu?

Wa ku Berlin: Imeneyo ndi ya sitima zam'deralo, mabasi, ma tramu ndi U-Bahn (metro yakuno), sitima za mtunda wautali za ICE ndi IC simukwera nayo. Inayamba 2023 pa ma yuro 49 ndipo yakhala ikukwera. Komanso ndi sabusikiripishoni, imadzidula yokha mwezi ndi mwezi mpaka utaletsa pasanafike pa 10. Kwa masiku anayi ndi ana ingogulani matikiti a tsiku a mu Berlin momwemo. Ndipo izi zikumbutse, pasi ya Interrail siilipira metro, tramu kapena basi za mumzinda, zimenezo ndi zapadera mzinda uliwonse. Ku Prague mukagwiritsa ntchito ndalama yawo ya koruna, khadi imagwira malo ambiri.

Wa sukulu ku Glasgow: Za apu sis, dzina lake Rail Planner. Ulendo uliwonse mumauika mu apu n'kuuyatsa musanakwere, ndiye imatulutsa QR yomwe kondakitala amaskana. Mapasi onse anayi atha kukhala mu foni imodzi koma ganizani bwino foni yake chifukwa ikathima batire nonse mulibe tikiti. Pawa banki ikhale m'chikwama, ndipo apu imafuna intaneti pafupipafupi. Pasipoti nayonso izikhala pafupi, ena amafunsa

Anaphiri: Mapepala a Eurostar ndi Nightjet musindikize, akathandiza pa fomu ya viza ngati umboni woti mulowa ndi kutuluka. Kalata ya msuweni wa ku Berlin nayonso muiyambe msanga.

Nachisale: Nightjet ndapeza pali mipando, couchette ndi zipinda zogona. Tisankhe chiti?

Wa ku Berlin: Mipando ayi ndi ana, usiku ndi wautali. Tengani couchette, kachipinda ka mabedi osanjikizana, ya anthu anayi, mukhala nokha banja, chitseko mumatseka mkati, amakupatsani nsalu ndi pilo, m'mawa khofi kapena tiyi ndi kabuledi. Rezavesheni yake ndi yomwe ikhale yodula kuposa zonse pa ulendowu ndipo imatha msanga, ndiye ikangotsegulidwa gwirani. Kumbukiraninso kuti usiku umenewo simukulipira hotelo ku Vienna, muchotse pa samu yanu.

Nachisale: Zoona hotelo ija ndinaiwerengera kawiri. Ndayang'ana pompano, Eurostar ya Lachiwiri mipando inayi ya a pasi ilipo, yobwerera Lachinayi masana iliponso. Apointimenti ya viza ndapeza ya kumapeto kwa Meyi. Madzulo ano tikhala pansi ndi bambo a ana tione ya 4 ndi ya 5 monga ananenera ankolo, kenako ndigula. A ku Berlin, tikafika kumeneko tidzakupezani, ndikutengereni chiyani kuno?

Wa ku Berlin: Ufa woyera ngati mungaupeze, ndi Nali. Mundiuze nambala ya sitima tsiku lake, ndidzakudikirani pa Hauptbahnhof, siteshoni yaikulu ya Berlin, siteshoniyo ili ndi nsanjika zambiri ndipo ndi ana n'kosavuta kusochera.